Kodi Chiheberi Chinalembedwa M'magazi Mwathu?

Nkhani yomwe inakambidwa ku Luchenza, pamsonkhano wa aphunzitsi, akuluakulu a mipingo ndi ophunzira a sekondale



Nkhani ndabwera nayoyi si yachilendo kwa inu. Ena munaimva pa guwa, ena inakupezani pa WhatsApp, ena munaimvera m'minibasi pochokera ku Limbe. Imati asayansi atasuzumira m'thupi la munthu, m'kanthu kaja amati DNA, anapezamo dzina la Mulungu litalembedwa m'Chiheberi. Ili ndi inzake yoyenda nayo, yonena kuti ife anthu akuda a kuno ndife Aisraeli amene anasochera kalekale, ndipo umboni wake uli m'magazi mwathumu. Anthu amazikamba ngati nkhani imodzi, koma ine ndikufuna tizilekanitse. Yoyambayo ndi masewera a manambala. Yachiwiriyo ili ndi choona m'kati mwake, ngakhale si chonse chimene amanena.

Ndinene poyambirira kuti sindinabwere kudzatsutsa zoti Mulungu analenga munthu. Funso limenelo makina a mu labotale sangaliyankhe, movomera kapena mokana. Ndabwera kudzafunsa ngati umboni umene akutipatsawu ungaime wina ataugwedeza.

Tiyambe ndi DNA yeniyeniyo. Thupi lathuli linamangidwa ndi maselo, tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. M'kati mwa maselo ambiri muli ulusi wautali wopindidwapindidwa, ndipo ndiwo umasunga malangizo a chibadwa: khungu likhale lotani, magazi akhale a gulu liti, mwana atenge mphuno ya ndani. Woyamba kuupatula anali Friedrich Miescher, ku Tübingen m'dziko la Germany, m'chaka cha 1869, ndipo anautenga m'mafinya a pa mabandeji a odwala. Kapangidwe kake, ka zingwe ziwiri zopotana, kanadziwika mu 1953 kudzera mu ntchito ya James Watson, Francis Crick, Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins. Pa ulusiwo pandandalikidwa tinthu ta mitundu inayi timene asayansi amatilemba kuti A, T, G ndi C. Munthu amalandira tinthu totere pafupifupi 3 biliyoni kwa mayi ake ndi tinanso 3 biliyoni kwa bambo ake. Koma zilembozo anaika ndi anthu kuti zisamawavute kutchula. G uja ndi chidule cha guanine, ndipo anamutcha choncho chifukwa anayamba kumupeza mu guano, zitosi za mbalame za kunyanja. M'thupi mulibe chilembo cha chinenero chilichonse, Chingerezi, Chiheberi ngakhale Chilomwe.

Tsono Chiheberi chikulowa bwanji? Ayuda ali ndi mwambo wakale wosinkhasinkha zinsinsi za Mulungu, wotchedwa Kabbalah. Kabuku kawo kena kakale kwambiri, Sefer Yetzirah, kamaphunzitsa kuti Mulungu analenga dziko ndi zilembo 22 za Chiheberi pamodzi ndi manambala khumi. Buku lawo lalikulu, Zohar, linatulukira ku Spain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndipo akatswiri a mbiri amati mbali yaikulu analemba ndi Moses de León. M'Chiheberi chilembo chilichonse ndi nambalanso: alef ndi 1, bet ndi 2, yod ndi 10, kumapita choncho. Motero mawu alionse ali ndi chiwerengero chake, ndipo luso lofananitsa mawu potsata ziwerengero amalitcha gematria. Dzina la Mulungu la zilembo zinayi, limene m'Baibulo mwathu timawerenga kuti Yehova, ndi yod, he, vav, he, kapena kuti 10, 5, 6, 5. Anthu amenewa tiwapatse ulemu wawo. Ankalimbana ndi malemba usiku ndi usana, monga njira yopemphera. Sananenepo kuti ayeza thupi la munthu. Amene anadzakwatitsa gematria ndi sayansi ndi anthu a dzulodzuloli, ndipo ambiri mwa iwo si arabi (aphunzitsi a Chiyuda), si asayansinso.

Wotchuka pa onsewo ndi Gregg Braden wa ku America, amene mu 2004 anatulutsa buku lotchedwa The God Code. Ana a Fomu 3, tcherani khutu, chifukwa masamu ake mukhoza kuwachonga nokha. Iye anatenga zinthu zinayi zimene zili mu DNA: hayidirojeni, nayitirojeni, okosijeni ndi kaboni. Kulemera kwa hayidirojeni ndi 1, ndipo yod ndi 10. Mukaphatikiza 1 ndi 0 mupeza 1, zagwirizana. Nayitirojeni ndi 14. 1 kuphatikiza 4 ndi 5, chilembo he, zagwirizananso. Afika pa okosijeni, amene aliyense wa inu amadziwa kuti ndi 16. Koma 1 kuphatikiza 6 ndi 7, pamene iye akufuna 6. Ndiye anatani? Anatenga 15.99, n'kutaya .99 yonseyo, n'kutsala ndi 15, imene imapereka 6. Mwana wanga wa m'kalasi atachita zimenezi pa mayeso a MSCE, ndingamudule malikisi osamumvera chisoni. Kenako kaboni ndi 12, amene amapereka 3, ndipo 3 si he, ndi chilembo china, gimel. Dzina lija silinatulukebe. Apa wolembayo anamasulira kuti kusiyanako n'kumene kukusonyeza kuti Mulungu ali m'thupi. Zikagwirizana ndi umboni, zikapanda kugwirizana ndi umboninso.

Palinso chachisanu chimene anachisiya panja: fosiforasi. Popanda fosiforasi ulusi wa DNA sungalumikizane, ndiye msana wake. Ndipo zinthu zinayi anasankhazo sizili mu DNA mokha. Feteleza wa Urea amene mumathira chimanga ali ndi zinayi zomwezo basi, osawonjezera osachotsa. Kafeini wa m'masamba a tiyi amene mumatchola m'maesitetimu, chimodzimodzi. Ngati masamuwa ndi oona, ndiye kuti dzina loyeralo lili m'thumba lililonse la feteleza pa depoti.

Uthenga wina umene wazungulira kwambiri umati pa ulusi wa DNA pali milatho ya sulufule imene imabwera pakadutsa tinthu 10, kenako 5, kenako 6, kenako 5, mobwerezabwereza. Umatchula wasayansi wa ku Israel koma sutchula magazini ya sayansi imene inasindikiza zimenezo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu DNA ya munthu mulibe sulufule. Nkhaniyi inadziwika kalekale, moti mu 1952 Alfred Hershey ndi Martha Chase anadalira mfundo yomweyi pa kafukufuku wawo wotchuka: anaika chizindikiro pa sulufule kuti atsate mapuloteni, ndi pa fosiforasi kuti atsate DNA, podziwa kuti sulufule ali m'mapuloteni, mu DNA mulibe.

Tibwere ku makromozomu, timitolo timene ulusi uja unamangidwamo. Munthu ali nawo 46, m'mapeyala 23. Peyala imodzi ndi imene imasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, otsalawo ndi mapeyala 22, kapena kuti makromozomu 44. Olalikira nkhaniyi amati: mwaona, zilembo za Chiheberi ndi 22! Amawonjeza kuti mawu a Chiheberi otanthauza bambo, av, ndi 3. Otanthauza mayi, em, ndi 41. Mukaphatikiza mupeza 44, chimene ndi chiwerengero cha dam, magazi. Ndivomere, n'zokoma kumva. Komatu kuti mupeze 22 mwayamba mwachotsa peyala imodzi imene ikusokoneza. Amene ali ndi mapeyala 22 enieni, osachotsapo kanthu, ndi kalulu woweta uja ali m'khola kwanuko, ndiponso mbuna za m'nyanja ya Malawi. Chimanga chili ndi makromozomu 20, tiyi 30, nkhuku 78. Mwana wobadwa ndi Down syndrome ali nawo 47. Kodi tinene kuti iyeyo dzina la Mulungu linamuphonya? Ndipo maselo ofiira, amene amapatsa magazi mtundu wake, alibe n'komwe makromozomu.

Chimene chimandiseketsa ndi ichi. Kuyambira 1923, pamene Theophilus Painter anawerenga, mabuku onse a sayansi ankati munthu ali ndi makromozomu 48. Zinakonzedwa mu 1956, Joe Hin Tjio ndi Albert Levan atawerenganso bwino ku Lund m'dziko la Sweden. Mlaliki wa gematria akanakhalapo mu 1950 sakanasowa chonena: mapeyala 24, mabuku 24 a Malemba a Chiheberi monga amawerengera Ayuda, akulu 24 a m'buku la Chivumbulutso. Nambala yolakwikayo ikanamukomera ngati yolondola. Umu ndi mmene mungadziwire masewera a manambala: palibe nambala imene ingawagwetse. Michael Drosnin atatulutsa buku lake la The Bible Code mu 1997, lonena kuti m'Baibulo la Chiheberi munabisika maulosi a masiku ano, katswiri wa masamu wa ku Australia, Brendan McKay, anagwiritsa njira yomweyo pa buku la nthano la Chingerezi, Moby Dick, n'kupezamo "maulosi" a imfa za atsogoleri angapo.

Kuno ku Thyolo zinthu za Chiheberi zimatifika pamtima, ndipo pali chifukwa. Mishoni ya Malamulo yakhala ku Makwasa m'manja mwa a Seventh-day Adventist kuyambira 1902, atagula malowo kwa a Seventh Day Baptist amene anabwera ndi Joseph Booth, ndipo mabanja ambiri asunga Sabata kwa mibadwo inayi kapena isanu. N'chifukwa chake nkhani ya Ron Wyatt imayenda msanga kuno. Wyatt anali namwino wogonetsa odwala pa opaleshoni ku Tennessee, wa mpingo womwewu. Ananena kuti mu 1982 anapeza likasa la chipangano m'phanga ku Yerusalemu, lili ndi magazi a Yesu, ndipo magaziwo atayezedwa anapezeka ndi makromozomu 24 okha. Anamwalira mu 1999 asanaonetse likasalo, magaziwo, kapena chikalata cha labotale imene inayeza. Amene anamutsutsa kwambiri ndi a mpingo wake omwe, kuphatikizapo Russell ndi Colin Standish, amene analemba buku lathunthu lofufuza zonena zakezo.

Tsopano tisiye manambala, tilowe nkhani yachiwiri ija potsata njanji. Kuchoka pa siteshoni ya Luchenza imatsikira ku Khonjeni, Sandama, Thekerani, Makhanga, kuwoloka Shire, kudutsa Bangula ndi Nsanje, kulowa m'dziko la Mozambique, mpaka pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935. Mukawoloka Zambezi pa mlathowo mwafika pa Sena. Apwitikizi asanakhazikike pamenepo m'zaka za m'ma 1530, Sena unali kale msika wa amalonda achisilamu ochokera kugombe la nyanja ya mchere, ogula golide ndi minyanga.

Ku Zimbabwe, makamaka ku Mberengwa, ndi ku Limpopo m'dziko la South Africa, kuli mtundu wa anthu otchedwa Alemba. Amayankhula Chishona kapena Chivenda ngati anansi awo, ndipo pa maonekedwe simungawasiyanitse. Koma sadya nkhumba, sadya nyama yosazinga, amadula ana aamuna, ndipo mwa mwambo sakwatitsa ana awo aakazi kwa anthu akunja. Akuluakulu awo akhala akunena kwa mibadwomibadwo kuti makolo awo aamuna anachokera kutsidya la nyanja, ku mzinda wotchedwa Sena, anabwera pa zombo kudzachita malonda, anamanganso Sena wina kuno, n'kukwatira akazi a konkuno. Ambiri mwa iwo amati makolo amenewo anali Ayuda. Tudor Parfitt wa ku London, amene anayenda nawo zaka zambiri, anapeza mudzi wotchedwa Sena ku Hadramawt m'dziko la Yemen. Kaya Sena woyambayo ndi ameneyo, kaya nkhani yonse ikunena za Sena wathu wa pa Zambezi, akatswiri amatsutsanabe. Koma onani kusiyana kwake ndi zija za manambala. Apa pali chonena chimene munthu angachiyeze, ndipo chikhoza kupezeka choona kapena chabodza.

Amayeza chonchi. Inu a m'maesiteti mukudziwa kuti tiyi wofesa mbewu amatuluka wosiyanasiyana, chitsamba chilichonse ndi khalidwe lake, koma tiyi wodula ku nthambi, monga mitundu ija inachokera ku malo a kafukufuku a Mimosa ku Mulanje, amatengera ndendende chitsamba chimene anadulako. DNA yathu yambiri ili ngati tiyi wofesa: ya bambo ndi ya mayi imasakanikirana m'badwo uliwonse. Koma kromozomu ya Y, imene ili mwa amuna okha, imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna ngati nthambi yodula, yosasakanizidwa. Mwa apo ndi apo pamachitika kakusintha kakang'ono pokopera, ndipo kakusinthako kamasanduka chizindikiro cha mzere wonsewo. Kumbali ya amayi kulinso kachidutswa kena, DNA ya mu mitochondria, kamene aliyense amalandira kwa mayi ake okha.

Mu 1996 Amanda Spurdle ndi Trefor Jenkins a pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anapeza kuti oposa theka la makromozomu a Y a Alemba amene anawayeza ndi ochokera ku Middle East. Chaka chotsatira, Karl Skorecki, Michael Hammer ndi anzawo analengeza kuti Ayuda ambiri a fuko la ansembe, amene amati ndi ana a Aroni, ali ndi zizindikiro zofanana pa Y. Zizindikirozo zitafika pa zisanu ndi chimodzi zinadzatchedwa Cohen Modal Haplotype. Ndiye mu 2000 Mark Thomas, Parfitt ndi anzawo anayeza Alemba: pafupifupi mwamuna mmodzi pa khumi alionse anali nazo, ndipo m'fuko la Buba, limene Alemba amalilemekeza kuti ndilo linawatsogolera pa ulendo, oposa theka anali nazo. Nyuzipepala za dziko lonse zinalemba kuti magazi atsimikiza. Ambiri amene amakamba nkhaniyi lero amaimira pomwepa.

Koma sayansi sinaime. Zinadzaoneka kuti zizindikiro zisanu ndi chimodzi zija zimapezekanso mwa Aluya ndi anthu ena a ku Middle East amene si Ayuda. Mu 2009 Hammer yemwe uja ndi anzake anazionjezera kufika pa 12 kuti ziloze bwino mzere wa ansembe. Mu 2013 Himla Soodyall wa ku Johannesburg anayezanso Alemba a ku South Africa ndi a ku Zimbabwe ndi muyeso watsopanowo. Anatsimikiza kuti amuna ambiri a Chilemba mzere wa makolo awo ndi wochokeradi kunja kwa Africa, koma zizindikiro 12 za ansembe sanazipeze. Mzere wa amayi awo ndi wa konkuno.

Ine ndimaona kuti zotsatirazi n'zazikulu kuposa zija za nyuzipepala. Nkhalamba zosadziwa kulemba zinasunga mbiri pakamwa kwa zaka mazanamazana, yakuti abambo anachokera kutsidya, amayi ndi a kuno, ndipo labotale inadzavomereza. Chimene labotale singanene ndi chipembedzo cha abambowo. Ku Yemen kunali Ayuda ambiri, moti mafumu a Himyar anatsata Chiyuda Chisilamu chisanabwere, kunadzakhalanso Asilamu. Mayina ena a mafuko a Alemba, monga Hamisi, Sadiki ndi Seremane, inu mashehe mukuwamva kuti akufanana ndi a kumzikiti. Myuda ndi Mluya wa ku Hadramawt akhoza kukhala ndi Y imodzimodzi, wina n'kumapemphera Loweruka wina Lachisanu. Kumbukiraninso kuti Y imanena za kholo limodzi lokha. Mukabwerera mmbuyo mibadwo khumi muli ndi malo a makolo 1,024, ndipo Y ikukuuzani za mmodzi pa onsewo.

Nanga eni akewo amati bwanji? Apa ife a chikamwini sitivutika kumva. Mwa lamulo la arabi, Myuda ndi wobadwa kwa mayi wachiyuda kapena wolowa Chiyuda motsata mwambo wake. Unsembe wokha ndiwo umatsata bambo. Monga kwathu kuno mwana ali wa kuchikazi ndipo mwinimbumba ndi amalume, kwa iwonso Y ya bambo siikulowetsa m'mudzi. N'chifukwa chake arabi akuluakulu a ku Israel sawerengera Alemba ngati Ayuda, ngakhale ali ndi mzere wa ku Middle East. Pamene Ayuda a ku Ethiopia, amene DNA yawo imafanana kwambiri ndi ya anansi awo a ku Ethiopia konko, rabi Ovadia Yosef anawavomereza mu 1973, ndipo mu 1991 oposa 14,000 anawanyamula pa ndege kupita ku Israel m'masiku awiri okha. Ku Mbale m'dziko la Uganda kuli Abayudaya, amene anayamba ndi Semei Kakungulu cha mu 1919 atawerenga Chipangano Chakale. Iwo sanena n'komwe za magazi. Anasankha, ndipo ambiri analowa Chiyuda mwa mwambo. Rute, agogo a bambo ake a mfumu Davide, anali Mmowabu. Anyamata ndi atsikana athu amene anayamba kupita ku minda ya ku Israel mu Novembala 2023 anapita ndi makontirakiti a ntchito, osati ngati abale obwerera kwawo. Wina akadzakuuzani kuti mulipire ndalama akuyezeni malovu kuti mukalandire unzika kumeneko, gwirani thumba lanu.

Ndiye ludzu lofuna kukhala Mheberi wa magazi likuchokera kuti? Mbali ina ndi chikondi cha Baibulo, ndipo chimenecho sindichinyoza. Koma mbali ina tinachita kupatsidwa. Azungu oyambirira akaona chinthu chaluso mu Africa ankati wachita ndi mlendo. John Hanning Speke analemba mu 1863 kuti mafumu a kuzungulira nyanja zikuluzikulu anachokera kumpoto, ndipo ganizo limenelo atsamunda analikulitsa mpaka linadzathandiza kugawa Atutsi ndi Ahutu ku Rwanda. Karl Mauch atafika pa mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871 anati ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Seba. Panatenga David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 kuti akumbe n'kusonyeza kuti anamanga ndi anthu akuda a komweko. Munthu akauzidwa kwa nthawi yaitali kuti mtundu wake ndi wachabe, amayamba kufuna kholo lina. Ambiri muno agogo anu anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwa m'thangata m'minda ya azungu, akutchedwa dzina lachipongwe. Lewis Bandawe ndi anzake m'zaka za m'ma 1940 sanachite kubwereka makolo ku Yerusalemu kuti achotse chitonzocho. Anaumirira kuti boma liwatchule dzina lawo lenileni, Alomwe, ndipo lero pa Chonde pompa anthu amasonkhana chaka ndi chaka kukumbukira za ku phiri la Namuli.

DNA ili nayo mbiri ya dziko lino, ndipo ndi yakale kuposa Abrahamu. Mu 2017 gulu la Pontus Skoglund, David Reich ndi Jessica Thompson linafalitsa zimene linapeza m'mafupa a anthu akale a ku phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika, ndi ku Chencherere ku Dedza, ena a zaka zoposa 8,000. Mu 2022 anaonjezapo ana awiri a ku Hora a zaka zoposa 14,000, amene ali m'gulu la DNA ya anthu yakale kwambiri imene yawerengedwapo kum'mwera kwa Sahara. Anthu amenewa anali alenje ndi otola zipatso, aja agogo athu ankawatcha Akafula kapena Amwandionerapati. Chodabwitsa n'chakuti mwa Achewa, Ayao, Atumbuka ndi Angoni amene anayezedwa, mzere wa alenjewo sunaoneke. Ife tonse ndife obwera, alimi amene makolo awo ananyamuka kumadera a Cameroon ndi Nigeria zaka zikwi zingapo zapitazo. Ndipo mukabwerera mmbuyo kwambiri, anthu onse a kunja kwa Africa, Ayuda ndi Aluya omwe, anachokera kwa kagulu kamene kanatuluka mu Africa zaka pafupifupi 60,000 zapitazo. Ubale ulipo ndithu, koma nyumba yaikulu ndi ino.

Wina anena kuti, aphunzitsi, zikukupwetekani n'chiyani anthu akamasangalala ndi manambala awo? Chimandiopsa ndi ganizo lili pansi pake, lakuti m'magazi kapena m'mafupa a anthu ena muli mphamvu yauzimu imene mwa ena mulibe. M'dera lino talionapo ganizo limeneli litakhwima. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inayamba ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, kuno ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa popanda mlandu. Kuyambira 2014 abale athu achialubino oposa 20 aphedwa, manda afukulidwa, chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Chimene chili mu DNA yawo n'chodziwika bwinobwino: kuno ku Africa kawirikawiri ndi kusintha pa kachigawo kotchedwa OCA2, pa kromozomu 15, kamene kamathandiza thupi kupanga mtundu wa khungu. Mwana amabadwa choncho pokhapokha atalandira kusinthako kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Abambo amene mumathawa banja n'kumati kwathu kulibe zotere, theka lake munabweretsa ndinu.

Matenda a siko selo amayenda m'njira yomweyo, ndipo ndiwo ndikufuna ana asukulu mupite nawo kunyumba m'makope mwanu. Pa kromozomu 11, pa malangizo opangira chinthu chonyamula mpweya m'magazi, pamalo amodzi pamene pamayenera kukhala A pamakhala T. Kamodzi kokha pa mabiliyoni atatu aja. Wolandira kusinthaku kwa kholo limodzi sadwala, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu. Anthony Allison anasonyeza zimenezi mu 1954 atayeza anthu ku East Africa, ndipo n'chifukwa chake kusinthaku n'kofala kumadera a udzudzu ngati kwathu kuno. Koma awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti mwana alandire mbali zonse ziwiri. Mwana ameneyo amatupa manja ndi mapazi akadali wakhanda, maso amachita chikasu, magazi amamuthera pafupipafupi, mafupa amamuwawa mpaka kulira usiku wonse. Kumudzi zikatere maso onse amaloza kwa agogo ena okalamba, ndipo ndalama zimathera kwa asing'anga. Chonsecho kuyeza kwake kumangofuna kadontho ka magazi, ndipo ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ana otere amathandizidwa. Akadziwika msanga amapatsidwa penisilini ndi katemera wowateteza ku matenda, foliki asidi, mankhwala oteteza malungo, ndipo ena amalandira hydroxyurea amene amachepetsa ululu ndi kuthiridwa magazi. Abusa ndi mashehe, inu ndi amene mumakhala pansi ndi achinyamata asanamange banja, ndipo ambiri mumawalimbikitsa kale kukayezetsa HIV. Pabanja pamene panafapo ana aang'ono motsatizana ndi matenda otha magazi, muziwauzanso za kuyeza kumeneku.

Ndaima pamenepa kuti timve mafunso. Tiyambe ndi ana asukulu, akuluakulu mutsatire.